Wakulipira Ndani? Kuulula Malipiro Poyamikira Zida za Olemba Mapulogalamu

Nkhani yokambidwa kwa ophunzira ndi akatswiri olemba mapulogalamu a kompyuta



Ntchito yolemba mapulogalamu timaiphunzira kwa anzathu. Palibe sukulu imene ingayendere limodzi ndi zida zatsopano zimene zimatuluka mwezi ndi mwezi. N'chifukwa chake tonsefe timadalira anthu amene amayamba kuyesa zidazo n'kudzatiuza zimene apeza: pa YouTube, pa X, pa LinkedIn, m'makalata obwera pa imelo sabata ndi sabata, ndiponso pa misonkhano. Masiku ano anthu otere akutchedwa ma influencer. Makampani ogulitsa zida anazindikira kalekale kuti mawu a anthu amenewa amagulitsa katundu kuposa chikwangwani chilichonse, ndipo amawalipira kuti ayankhule.

Mfundo imene ndabwera nayo ndi imodzi. Kulipidwa chifukwa chophunzitsa kapena kuyamikira chida si mlandu. Mlandu ndi kulandira malipiro n'kumayankhula ngati munthu amene sanalandire kanthu. Aliyense wotilangiza chida ali ndi udindo wotiuza poyambirira, m'mawu omveka, amene wamulipira, chimene wapatsidwa, ndi mphamvu imene wolipirayo anali nayo pa zimene zikunenedwazo. Ndipo popeza ena mwa inu mawa mudzakhala olangiza anzanu, udindo umenewu ukukudikirani.

Chifukwa chake makampani amadzera pakamwa pa mnzathu

Wolemba mapulogalamu ndi kasitomala wovuta kumunyengerera. Ambiri mwa ife tinatseka kale zotsatsa malonda pa makompyuta athu, ndipo wamalonda akabwera ndi timabuku tonyezimira timangogwedeza mutu osamukhulupirira. Koma tikaona munthu akulemba khodi pa sikirini, khodiyo ikukana, iye akufufuza palakwikapo mpaka yayenda, mtima wathu umamulandira ngati mnzathu wa pa ntchito. Akuluakulu anati wakutsina khutu ndi mnansi, ndipo langizo la munthu wotere timalimva ngati la mnansi wotifunira zabwino. Chikhulupiriro chimenechi ndiye katundu amene kampani imagula.

Chinanso n'chakuti pa ntchito yathu kugula kumayambira pansi. Mnyamata kapena mtsikana waonera vidiyo Loweruka, watsegula akaunti yaulere, wayesa chidacho, chamusangalatsa. Lolemba wachionetsa kwa anzake mu ofesi. Chaka chisanathe, chidacho chili m'kati mwa pulogalamu imene makasitomala akugwiritsa ntchito, ndipo akauntanti walandira bilu imene sanaiyembekezere. Kampani ikakopa wolemba mapulogalamu mmodzi, yakopa ofesi yonse.

Malipiro ake amabwera m'njira zambiri, ndipo tiyenera kuzidziwa zonse. Pali ndalama zoperekedwa pa vidiyo kapena pa nkhani imodzi. Pali linki yapadera imene imapatsa wolangizayo komishoni munthu akalembetsa kudzera pamenepo. Pali laputopu yamphatso, akaunti yodula yoperekedwa ulere, ndi mwayi wogwiritsa ntchito maseva a kampani osalipira. Pali tikiti ya ndege ndi hotelo popita ku msonkhano. Pali mwayi wogwira chida chisanatuluke, umene umachititsa kuti vidiyo yako ikhale yoyamba pa tsiku lotulutsira, oonera onse n'kukhamukira kwa iwe. Pali masheya m'kampani yongoyamba kumene. Palinso ntchito yeniyeni, pakuti makampani ambiri amalemba anthu otchedwa developer advocate, amene amalandira malipiro a pamwezi chifukwa chophunzitsa anthu zida za kampaniyo. Ndiye pali maulemu monga Microsoft MVP, Google Developer Experts ndi AWS Heroes, amene si ntchito yolembedwa koma amabwera ndi dzina, maitanidwe ndi mwayi wocheza ndi opanga zidazo. Ambiri mwa anthu a m'magulu amenewa ndi aphunzitsi abwino zedi. Komabe zonsezi ndi ubale, ndipo ubale umapendeketsa lilime ngakhale la munthu woona mtima.

Langizo lolowa m'maziko

Pa malonda ambiri, wonamizidwa amataya ndalama ya tsiku limodzi, mawa n'kukagula china. Kwa ife sizitero. Taganizirani mmisiri amene mwamulemba ntchito yomanga nyumba yanu. Mwamufunsa kokagula simenti ndi zitsulo, iye wakutchulirani sitolo. Mwina katundu wa pamenepo ndi wabwinodi. Koma tsiku limene mudzamve kuti mwini sitolo amamupatsa kangachepe pa thumba lililonse, mtima wanu sudzakhalanso m'malo, chifukwa simentiyo ili kale m'maziko, ndipo maziko safukulidwa nyumba ili chiimire. Database imene mwasankha, kampani imene ikusunga maseva anu, framework imene mwalembera: amenewo ndiwo maziko a pulogalamu.

Zida zimasintha zitalowa kale pansi. Facebook inagula Parse mu 2013, chida chimene opanga mapulogalamu a pafoni ambiri ankasungirako data yawo. Mu Januwale 2016 inalengeza kuti ikuchitseka, ndipo patatha chaka inachitsekadi. Heroku, imene kwa zaka zambiri inali malo oyamba kumene ophunzira ankaikako ntchito zawo osalipira, inathetsa gawo laulere pa 28 Novembala 2022. Mu Ogasiti 2023 HashiCorp inasintha layisensi ya Terraform, mpaka anthu ena anapatuka n'kuyamba OpenTofu. Sindikunena kuti amene ankaphunzitsa zida zimenezi analipidwa mobisa, ayi. Ndikufuna muone kuti mafunso olemera pa chida chilichonse ndi okhudza mawa. Chaulerechi chikatha, mtengo wake udzakhala wotani? Kodi layisensi ingasinthe? Nditafuna kuchoka, data yanga ndidzaitulutsa bwanji, ndipo zidzanditengera miyezi ingati? Amenewa ndi mafunso amene vidiyo yolipiridwa imakonda kuwalumpha, chifukwa wolipira amafuna kuti muone khomo lolowera, osati lotulukira.

Kwa amene tikugwira ntchito ku Malawi nkhaniyi imalemera kawiri. Zida zambiri zimalipiridwa m'madola, ndipo madola ndi osowa. Mu Novembala 2023 mphamvu ya kwacha inatsitsidwa, mtengo wa dola imodzi n'kukwera ndi 44 peresenti kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Bilu ya seva imene inalembedwa m'bajeti mwezi wa Okutobala inakwera usiku umodzi popanda wina kuwonjezerapo kanthu. Wopanga vidiyo wa ku San Francisco kapena ku Berlin akamati chida n'chotchipa ndiponso chothamanga, akuyeza ndi thumba la kwawo ndi intaneti ya kwawo. Ndipo pulogalamu ikaima, ovutika si ife tokha. Ndi namwino amene akufuna kuona mbiri ya wodwala, kalaliki wa pa sukulu, mayi amene akudikira ndalama pa foni. Anthu amenewa vidiyo ija sanaionere n'komwe.

Zimene malamulo anena

Vutoli silinayambe ndi intaneti. Ku America, lamulo la mu 1912 linakakamiza nyuzipepala kuti nkhani yolipiridwa izilembedwa kuti ndi yotsatsa malonda. Mu 1960, zitaululika kuti oulutsa mawu ena ankalandira ndalama mobisa kwa makampani a nyimbo kuti aziika nyimbo zawo pa wailesi, aphungu a dzikolo anakhwimitsa lamulo loti wolipira azitchulidwa. Bungwe loteteza ogula la Federal Trade Commission, mwachidule FTC, linakonza malangizo ake mu 2009 kuti akhudzenso olemba pa intaneti, n'kuwakonzanso mu 2023. Mutu wake ndi wosavuta: ngati pakati pa woyamikira ndi wogulitsa pali ubale umene omvera sangauganizire, ndipo kuudziwa kungasinthe mmene angalandirire mawuwo, ubalewo uululidwe poonekera.

Milandu itatu ya bungweli ili ndi phunziro kwa ife. Woyamba ndi wa mu 2016, wokhudza Warner Bros. ndi gemu ya Middle-earth: Shadow of Mordor. Kudzera mwa kampani ina yotsatsa malonda, Warner Bros. inalipira anthu otchuka pa YouTube, kuphatikizapo PewDiePie, kuti aonetse gemuyo. Malinga ndi dandaulo la FTC, anthuwo anauzidwa kuti aiyamikire ndipo asaonetse ma bug amene angapeze. Mawu oulula kuti alipidwa analipo ndithu, koma anauzidwa kuwaika m'munsi mwa vidiyo, pamalo pamene munthu sakanawaona pokhapokha atadina batani loonetsa zambiri. Mavidiyowo anaoneredwa maulendo oposa 5.5 miliyoni. Inu amene mumagona mochedwa chifukwa cha bug imodzi, taganizirani kontirakiti yotereyi itakhala ya database kapena ya chida chosunga mapasiwedi.

Wachiwiri ndi wa mu 2017. Trevor Martin ndi Thomas Cassell, otchukanso pa YouTube, ankadzionetsa akupambana pa tsamba la juga lotchedwa CSGO Lotto, osanena kuti eni tsambalo ndi iwo omwe. Uwu unali mlandu woyamba wa FTC wolunjika kwa ma influencer enieniwo. Ubale wa umwini ndi umene umalemera koposa, ndipo pakati pathu uli ponseponse, chifukwa akatswiri ambiri otchuka anaika ndalama zawo m'makampani ang'onoang'ono amene zida zawo amazitamanda.

Wachitatu ndi wa mu 2022, wokhudza Google ndi iHeartMedia. Oulutsa mawu pa wailesi anapatsidwa mawu oti awerenge ngati akusimba mmene foni ya Pixel 4 yawathandizira pa moyo wawo, pamene ambiri a iwo anali asanaigwiritsepo ntchito. Mauthenga otere anaulutsidwa pafupifupi maulendo 29,000, ndipo makampani awiriwo analipira $9.4 miliyoni ku maboma a zigawo za dzikolo. Phunziro lake n'lakuti ngakhale aliyense atadziwa kuti ndi malonda, munthu alibe chilolezo chonena kuti amagwiritsa ntchito chinthu chimene sanachigwire.

Maiko ena akuyenda njira yomweyo. Mu 2014 bungwe la Advertising Standards Authority ku Britain linagamula kuti mavidiyo otsatsa mabisiketi a Oreo sanaulule mokwanira, ngakhale kuti ena mwa opanga ake anathokoza Oreo chifukwa chothandiza kuti vidiyo itheke. Kuthokoza si kuulula, chonsecho mawu othokoza otere ndi amene timawamva m'mavidiyo ambiri ophunzitsa khodi. France inakhazikitsa lamulo la ma influencer mu Juni 2023, ndipo wobisa kuti akutsatsa malonda angalandire chilango chofika zaka 2 m'ndende ndi chindapusa cha mayuro 300,000. Kuno kwathu, Consumer Protection Act ya 2003 ndi Competition and Fair Trading Act ya 2024 zimaletsa kusocheretsa ogula, ndipo bungwe la Competition and Fair Trading Commission limalandira madandaulo otero. Inu amene mumalemba m'Chingerezi kuti dziko lonse liwerenge, dziwaninso kuti FTC imati lamulo la America lingakhudze ngakhale wolemba ali kunja, ngati n'zoonekeratu kuti zolembazo zifika kwa ogula a kumeneko.

Nkhani ziwiri za m'nyumba mwathu

Mu 2017 ogwiritsa ntchito Atom, pulogalamu yolembera khodi imene inali yotchuka nthawi imeneyo, anadabwa ndi kachida kawo kotchedwa minimap. Ntchito yake inali kungoonetsa chithunzi chaching'ono cha fayilo yonse m'mbali mwa sikirini, koma kanayamba kuonetsa malinki a kampani yotchedwa Kite. Kachida kena, autocomplete-python, kanayamba kukankhira anthu ku Kite, imene inkafuna kuti khodi ya munthu izitumizidwa ku maseva ake. Pambuyo pake ndi pamene ambiri anadziwa kuti Kite inali italemba ntchito wosamalira minimap, ndiponso inali italowerera pa kasamalidwe ka kachida kenako. Anthu anaika zida zimenezi m'makompyuta awo chifukwa chokhulupirira anzawo a open source, ndipo chikhulupiriro chawocho chinagulitsidwa iwo osauzidwa. Mkwiyo unali waukulu, moti ena anakopera khodi ya minimap n'kutulutsa yawo yopanda zotsatsa. Kite inatseka mu 2022 pa zifukwa zina za malonda, koma kufikira nthawi imeneyo dzina lake likatchulidwa, nkhani ya 2017 inkatsatira pambuyo.

Mu Ogasiti 2019 Feross Aboukhadijeh, wosamalira chida cha JavaScript chotchedwa standard, anayesa njira yopezera ndalama. Munthu akamaika chidacho, pa terminal pankatuluka uthenga wa kampani yothandiza, monga Linode kapena LogRocket. Iye ananena poyera kuti akuyesa, olipira anali odziwika, ndipo anafotokoza chifukwa chake: osamalira zida za open source amasenza ntchito yaikulu imene makampani olemera amapindula nayo, iwo osalandira kanthu. Anthu ambiri anakana, ponena kuti terminal si malo a malonda ndipo chida chilichonse chikayamba kutero, mauthenga ofunika adzakwiririka. Kuyesako kunatha msanga, npm, imene imasunga ndi kugawa zida za JavaScript, inaletsa zotsatsa zotero, ndipo chaka chomwecho chisanathe inabweretsa komandi ya npm fund, imene imaonetsa osamalira zida amene mungawathandize ndi ndalama.

M'nkhani zonse ziwiri anthu anakana. Kusiyana kwake n'kwakuti m'nkhani yoyamba anthu anamva kuti apusitsidwa, pamene m'nkhani yachiwiri anatsutsana maso ndi maso mpaka panapezeka njira yabwinoko. Kuulula sikulonjeza kuti anthu avomera. Kumawapatsa mpata woti avomere kapena akane akudziwa chimene chikuchitika.

Kukula kwa vutoli

Tisaganize kuti obisa ndi ochepa. Mu 2018 ofufuza a pa yunivesite ya Princeton anaunika mavidiyo a pa YouTube oposa 500,000 ndi zoikidwa pa Pinterest zoposa 2 miliyoni. Mwa zimene zinali ndi malinki a komishoni, pafupifupi chimodzi chokha pa 10 zilizonse ndi chimene chinaulula. Mu 2024 European Commission pamodzi ndi mabungwe oteteza ogula a m'maiko a ku Ulaya anaunika ma influencer 576. Anapeza kuti 97 pa 100 alionse ankaika zinthu zamalonda, koma 20 okha pa 100 ndi amene ankaulula nthawi zonse. Kafukufuku uyu anali wa malonda a mitundu yonse, koma nafenso tili ndi chilema chathu. Chakumapeto kwa 2024 ofufuza a pa Carnegie Mellon ndi anzawo anapeza nyenyezi za pa GitHub zoposa 4 miliyoni zokayikitsa kuti n'zabodza. Ambiri mwa ife tikafuna kusankha chida timayamba tayang'ana nyenyezi zake. Nyenyezi yogulidwa ndi umboni wolipiridwa umene wolipira wake wabisika kotheratu.

Zimene obisa amanena

Wina amati, "Ine ndimanena zoona ngakhale andilipire." Zingathekedi kuti m'vidiyo yonse mulibe bodza. Koma malipiro amasankha mutu wa nkhani mawu oyamba asanatuluke. Chida chakale chodalirika ngati SQLite, chimene aliyense angachigwiritse ntchito ulere, chilibe linki ya komishoni. Ngati mwezi wonse mukukamba za zida zokhala ndi olipira, wophunzira aganiza kuti zimenezo ndizo zida zokha zimene akatswiri akugwiritsa ntchito. Komanso woyenera kuweruza ngati ndalamazo zakupendeketsani si inu, ndi womvera. Mukamubisira, mwamulanda chiweruzo chake.

Wina amati, "Aliyense akudziwa kuti pa YouTube anthu amalipidwa." Katswiri wa zaka 10 angadziwe. Wophunzira wa chaka choyamba, amene wagula bandulo ya usiku kuti aonere maphunziro, sadziwa. Ngakhale wodziwayo sangaloze kuti m'mavidiyo asanu amene waonera, yolipiridwa ndi iti, kapena kuti malonda ayambira pa mphindi iti.

Wina amati, "Ndikaulula anthu andikayikira." Ngati kudziwa kungawachititse kukayika, ndiye kuti nkhaniyo ndi yofunika kwa iwo, ndipo chimenecho ndicho chifukwa choiululira. Kukayika kwa mtundu umenewu n'kwabwino pa ntchito yathu. Mu 2018 Intel inalipira kampani ya Principled Technologies kuti iyerekeze purosesa yake yatsopano ndi ya AMD. Popeza zinali zodziwika kuti wolipira ndi Intel, akatswiri odziimira paokha anaunika kayesedwe kake n'kupeza kuti purosesa ya AMD inayesedwa theka la ma core ake litazimitsidwa. Atayesanso, kusiyana kuja kunachepa. Ife timaunikirana khodi tsiku ndi tsiku chifukwa timadziwa kuti diso limodzi limaphonya. Kuulula wolipira ndi kuitana maso ena kuti adzaunike.

Ndiye pali funso limene ndimalilemekeza kwambiri: "Nanga tidya chiyani?" Kupanga vidiyo yabwino kumadya masiku, magetsi ndi intaneti, ndipo mphunzitsi ayenera kulipidwa. Landirani ndalamazo, koma landirani poyera. Njira zake zilipo kale pakati pathu. Read the Docs imaonetsa zotsatsa zolembedwa bwino lomwe kuti ndi zotsatsa. GitHub Sponsors, imene inayamba mu 2019, imalola anthu ndi makampani kuthandiza osamalira zida. Stack Overflow imafuna kuti wotchula chida cha kampani yake anene ubalewo m'yankho lomwelo. Wikipedia kuyambira 2014 imafuna kuti wolemba molipidwa atchule womulipira. Palibe mwa malo amenewa amene analetsa ndalama. Chimene analetsa ndi chinsinsi.

Kuulula kwenikweni

Tamverani kusiyana kwa mawu awiri awa. Wina akuti, "Zikomo kwambiri kwa anzathu a kampani yakuti pothandiza tchanelo chino." Wina akuti, "Vidiyo iyi yalipiridwa ndi kampani yakuti. Andipatsa ndalama ndi akaunti yaulere ya chaka chimodzi. Anaiona isanatuluke ndipo anapempha kuti ndisinthe mbali ya mitengo. Chidachi ndachigwiritsa ntchito pokonzekera vidiyo ino yokha, sindinachiyesepo pa pulogalamu ya makasitomala. Linki ili m'munsiyi imandipatsa komishoni mukalembetsa." Mawu achiwiriwa satha ndi theka la mphindi lomwe, koma womvera wadziwa zonse zimene akufunikira kuti ayeze langizolo.

Choyamba, ululani poyambirira, munthu asanamve chiyamikiro chilichonse. Mawu oikidwa kumapeto, kapena obisika pakati pa ma hashtag ambirimbiri, afika mochedwa.

Chachiwiri, ululani m'njira yomweyo imene mukuyamikirira. Ngati mukuyankhula, nenani ndi pakamwa. Ngati mukuonetsa pa sikirini, lembaninso pa sikirini. Ngati vidiyo ili m'Chichewa, kuululako kukhale m'Chichewa. Kabatani ka YouTube kosonyeza kuti muli malonda olipiridwa n'kothandiza, koma ngakhale a FTC amachenjeza kuti pakokha sikangakwanire nthawi zonse.

Chachitatu, kuululako kuyende limodzi ndi nkhaniyo. Kuno vidiyo imayenda pa WhatsApp ndi pa fulashi, mawu a m'munsi mwake atatsala ku YouTube. Nkhani imene munalembera kampani molipidwa, mukaiikanso pa Medium, pa Hashnode kapena pa dev.to, lembani pamwamba kuti inalipiridwa. Khodi yachitsanzo imene mwaika pa GitHub, inenenso m'README.

Chachinayi, tchulani ubale uliwonse, osati ndalama zokha: mphatso, ulendo, masheya, chibale, ntchito. Ngati mumagwira ntchito ku kampaniyo, musadalire kuti anthu akaona pa mbiri yanu, chifukwa uthenga umafalikira kwa anthu amene sakukudziwani. Nenani m'uthenga womwewo.

Chachisanu, musasayine kontirakiti yokuletsani kutchula zofooka za chida kapena mtengo wake weniweni. Ngati mwasayina kale, uzani omvera kuti pali zimene simukuloledwa kunena.

Kwa inu amene muli ndi makampani ndipo mukufuna kuti zida zanu zidziwike, lembani kuulula m'kontirakiti ndipo muzifufuza ngati kwachitika. Pa milandu ya Warner Bros. ndi Google, amene anayankha mlandu anali makampani. Kwa inu oonera ndi owerenga, funsani mwaulemu ngati nkhani yalipiridwa, ndipo musanaike chida m'pulogalamu ya anthu, werengani nokha tsamba la mitengo, layisensi, madandaulo amene sanayankhidwe pa GitHub ndi njira yotulutsira data.

Pomaliza, ndili ndi pempho limodzi limene tingayambe kulichita popanda kudikira lamulo kapena bungwe lililonse. Pa misonkhano yathu, m'makalabu a ophunzira ndi m'magulu athu a pa WhatsApp, tigwirizane kuti aliyense woimirira kudzakamba za chida ayambe wanena kumene amagwira ntchito, amene walipira ulendo wake, ndi phindu limene angapeze tikatsatira langizo lake. Amene alibe ubale uliwonse anenenso kuti alibe. Gulu la olemba mapulogalamu m'dziko muno likadali laling'ono, ambiri timadziwana maina, ndipo miyambo imene tikhazikitse lero ndi imene adzaipeze obwera pambuyo pathu. Tiwasiyire mwambo woti langizo la katswiri limabwera pamodzi ndi dzina la womulipira.